Gulu la Amalonda a ku Chipata: Kodi wogula wa ku Mchini akufuna thumba kapena pamela?

Amake Taonga (Mchini):
Mwachoma bwanji amalonda anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene tasiyana nayo maganizo ine ndi mlongo wanga wamng'ono. Mnyamatayu walandira chilimba chake (ndalama za pa gulu losonkherana mosinthana) ndipo akufuna kutsegula shopu kuno ku Mchini. Akuti aikemo matumba a ufa a 25kg, saladi (mafuta ophikira) wa m'zigubu za malita 5 ndi shuga wa mabelo, n'kutsitsako mtengo pang'ono kuti anthu aleke kulipira njinga popita kukagula m'tauni. Mawu ake ndi akuti munthu aliyense amathamangira chotchipa. Ine mtima ukukana. Anthu amene amafika pa kantemba kanga amabwera atafumbata K10 kapena K20, n'kugula pamela (ufa wogawa m'timapulasitiki ting'onoting'ono), saladi wothira m'kapulasitiki ndi kachidutswa ka sopo. Inu amene mwakhalitsa m'malonda tiuzeni, wogula wa kuno amayang'ana chiyani kwenikweni?

Najere wa Salaula (Saturday Market):
Amake Taonga, musakangane naye. Mukhazikeni pa benchi ya kantemba kanu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, asagulitse kanthu, azingoyang'ana m'manja mwa anthu ndi nthawi imene akubwera. Madzulo mumufunse kuti waona chiyani.

Tisa wa pa booth (Kapata):
Zoona amayi. Ine ndimakhala m'booth ya Airtel Money ndi MTN, choncho matumba a anthu ndimawadziwa. Ambiri a kuno salandira pa mwezi. Mnyamata wopalasa njinga, mayi wochapa zovala ku Kalongwezi, bambo wosenza katundu pa siteshoni ya mabasi, onsewa ndalama imawapeza tsiku ndi tsiku, ndipo imabwera madzulo. Amatapa K30 n'kuwoloka msewu kukagula ufa wa usiku womwewo, makala a m'kapulasitiki ndi mulu wa tomato. Akudziwa bwino kuti thumba la 25kg n'lotchipa ukawerengera pa kilo. Vuto ndi loti ndalama ya thumba siikumana pamodzi m'dzanja lawo.

aZulu (Kalongwezi):
Komatu mnyamatayo musamufooketse. Chipata ndi mzinda kuyambira 2017, ndipo ukukula. Ku Mchini komweko kuli aphunzitsi, manesi ndi apolisi amene amachita lendi. Amenewo amalandira pakutha pa mwezi ndipo amagula thumba. Bwanji asawafune iwowo?

Amake Taonga:
Aliko ndithu aZulu, ena ndi aneba anga. Koma akalandira sagula kuno. Amasamba, kuveka ana, ulendo wa ku Shoprite. Tsiku limenelo mwana amakankha trolley, amanyambita ayisikirimu, ndipo pobwera taxi imaima pa geti, aneba n'kumaona mapulasitiki akutsitsidwa. Munthu wagwira ntchito mwezi wonse, tsiku limenelo amafuna kudzipepesa, ndipo K5 imene mlongo wanga achotseko pa thumba singamukhazike kunyumba. Kwa ine amabwera cha pakati pa mwezi zinthu zikayamba kutha, ndiponso sabwera okha, amatuma mwana kukachita mdima.

Ambuya Nambewe (Nabvutika):
Ana anga, pali china chimene simunatchule. Thumba lalikulu likalowa m'nyumba silikhala lako wekha. Mlamu wabwera kuchokera kumudzi, mnansi watuma mwana ndi kambale, ndipo sungakane chifukwa thumba lili poonekera kuseri kwa chitseko. Mtsikana wako akamaphika amatapa osawerenga poona kuti ufa ulipo wambiri. Mayi wogula pamela wayeza kale nsima ya tsikulo, palibe chotsala choti wina apemphe. Ndikudziwa amayi amene ndalama ya thumba amakhala nayo, koma amasankhabe pamela pa chifukwa chimenechi. Izi wogula sangakuuze ndi pakamwa, achita manyazi. Uyenera kukhala nawo kuti uzidziwe.

Dalitso wa ku koleji:
Makolo anga, ndiloleni ndiikepo za m'kalasi. Timaphunzira kuti wamalonda ali ndi zinthu zinayi m'manja mwake: katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi njira yodziwitsira anthu. Akulu athu a ku Mchiniwo agwira mtengo wokha. Koma kukula kwa paketi kuli m'gulu la katundu, ndipo ndi pamenepo pagona nkhani. Timaphunziranso kuti wofika pa shopu, wosankha ndi wolipira nthawi zambiri si munthu mmodzi. Mwana wotumidwa sopo ndiye waima pa kantemba, koma mtundu wa sopo asankha amake, ndalama asiya atate ake. Mukamupatsa mtundu wina, abwera nawo akulira.

aMwale (mphunzitsi wopuma, Katete):
Ine nkhaniyi ikundiwawa, ndipo sindikhala chete. Mukuyamikira pamela ngati kuti ndi chifundo. Tengani thumba la 25kg, muligawe m'timapulasiti, muwonkhetse ndalama zonse. Mupeza kuti wosauka ndiye amagula ufa modula kuposa wa malipiro. Saladi chimodzimodzi, shuga chimodzimodzi. Dalitso mwana wanga, chimene mukuchitcha kudziwa wogula nthawi zina n'kungodziwa pamene munthu wapanikizika kuti umukame pomwepo. Ndaphunzitsa ana obwera ku sukulu osadya, ndikudziwa kumene K2 yowonjezerayo imachokera.

Amake Taonga:
Aphunzitsi, mawu anu ndi olemera ndipo sindiwakana onse. Koma muwerengenso mbali yanga. Timapulasitiki ndimagula, ufa wina umatayika poyeza, njinga yonditengera thumba ndimalipira, ndipo ndimakhala m'kantemba mpaka usiku kudikira munthu wa K10. Ndikapanda kugawa thumbalo, mayi uja agona ndi njala ndi ana ake, chifukwa kwina kulikonse amuuza kuti abweretse ndalama ya thumba lonse.

Najere wa Salaula:
Chimene ndaona ine pa msika n'chakuti anthu amakwiya kwambiri mtengo ukakwera kuposa mulu ukachepa. Wa tomato akanena kuti lero mulu ndi K7, anthu amadutsa. Akasiya pa K5 n'kuchotsapo tomato mmodzi, amagula osadandaula. Munthu amachoka kunyumba atagawa kale ndalama m'mutu, iyi ya ufa, iyi ya ndiwo, iyi ya makala, ndiye K2 yowonjezera imasokoneza zonse.

aMwale:
Ndiye pamenepo Najere. Kuchotsa tomato poyera, wogula akuona ndi maso ake, palibe mlandu. Koma nanga meda (kachigoba koyezera) yobudula pansi, imene wogulitsa waitenthetsa n'kuikankhira m'kati kuti nyemba zilowe zochepa? Nanga sikelo ya ogula soya m'midzi imene imadya makilo a mlimi? Zimenezo si nzeru za malonda, n'kuba. Boma lili ndi Zambia Metrology Agency yoona za masikelo ndi miyeso, ndipo pali lamulo loteteza ogula la 2010 limene a CCPC, bungwe loona za mpikisano wa malonda ndi kuteteza ogula, amayendetsa. Lamulo limenelo limaletsa ngakhale kukhoma chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa, komanso kulipiritsa kuposa mtengo umene walembedwa pa katundu. Ambiri a ife pa gulu lino sitidziwa zimenezi.

Ambuya Nambewe:
Wa meda yobudula amadya tsiku limodzi, aphunzitsi. Amayi amakayezanso kunyumba ndi mbale yawo, ndipo pofika pa mpopi m'mawa komboni yonse yamva. Ine ndikayeza nshawa ndimadzaza mpaka zitachita phiri, kenako ndimatapa kadzanja kena n'kuponyamo wogula akuona. Mbasela imeneyo ndi yochepa, koma ndi imene amakafotokoza. Kupatsa n'kuika. Koma muponye pamapeto, maso ake ali pamenepo. Mukaphatikiza mwakachetechete poyeza, palibe amene adziwe kuti mwamupatsa kanthu.

aBanda a Hardware:
Ndalowa mochedwa, ndinali kutsitsa katundu. Inu mukukamba za ndalama ya tsiku, ine ndikambe za ndalama ya chaka, chifukwa Chipata amadya za m'munda ngakhale tili m'tauni.

Ndimagulitsa malata, misomali, simenti ndi mafelemu a zitseko. Kuyambira Epulo ndi Meyi alimi amayamba kugulitsa soya ndi nshawa, ena fodya, kenako thonje. Chimanga chimachedwerapo, chifukwa a FRA, bungwe la boma losunga chakudya, amadikira kuti chiume mpaka chinyezi chifike pa 12.5 peresenti asanayambe kugula m'matumba a 50kg. Choncho Juni, Julayi, Ogasiti mpaka Seputembala ndiyo miyezi imene mlimi wa ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Chipangali amalowa m'shopu ndi ndalama yeniyeni.

Ndipo muone mmene amagulira. Salowa n'kunena kuti ndipatseni malata. Amatulutsa chingwe m'thumba la jekete, chomanga mfundo ziwiri, ndiwo utali wa denga lake. Amachiyala pa lata, amagogoda ndi chala kumvetsera kulira kwake, amapinda kangodya kuti aone ngati n'lopyapyala. Akafunsa mtengo amangoti "chabwino" n'kutuluka. Anyamata anga amati wapita ameneyo. Ine ndimawauza kuti asunge malatawo pambali. Amazungulira Down Shops yonse, amakadya nsima ku msika, ndipo cha m'ma 14 koloko amabwera ndi atsibweni ake kapena mmisiri wa kumudzi. Ndalama imeneyo wailimira chaka chathunthu, sangaitulutse pa shopu yoyamba, ndiponso safuna kukanyozedwa yekha kumudzi malata akadzachita dzimbiri. Ukamuthamangitsa ndi mawu okoma ambiri amaganiza kuti pali chimene ukubisa. Chimene chimamaliza malonda nthawi zambiri si kutsitsa mtengo ayi, ndi kumuuza kuti ndikupezerani galimoto yopita kwanu ndipo anyamata amanga bwino.

Okutobala akafika ndalama yonse imatembenukira ku mbewu ndi feteleza. Januwale ndi Febuluwale ndimagulitsa misomali yowerenga ndi phula lomatira denga lodontha, basi.

aPhiri a Mbewu (Katete):
aBanda, pamene inu mwasiyira ndi pamene ine ndimayambira. Mlimi sakhulupirira chithunzi cha chimanga cha pa paketi. Amakhulupirira munda umene anauona ndi maso. N'chifukwa chake makampani monga Seed Co, Zamseed ndi Pannar amakhoma zikwangwani zawo m'minda ya m'mbali mwa msewu, mwaziona nonse mukamayenda mu Great East Road nthawi ya dzinja. Ambiri amabwera kwa ine ndi paketi yakale yopanda kanthu, yoipinda bwinobwino, imene anapempha kwa mnzawo amene anakolola bwino, n'kunena kuti ndipatseni yonga iyi. Ukamuuza kuti yatha koma ilipo ina yofanana nayo, amapita.

Mverani za Dalitso zija za wosankha. Bambo amafunsa kuti mbewuyi imatulutsa matumba angati. Mayi akakhala pambali pake amafunsa zina: kodi chimakonoleka bwino kapena chimangophwanyika mu mtondo, kodi anankafumbwe sachilowa msanga mu nkhokwe, kodi chiwisi chake n'chokoma chowotcha. Ndikayankha bambo yekha, amatuluka kukakambirana panja ndipo sabweranso. Masiku ano ndimayamba ndi mafunso a mayi. Ndimasunganso mapaketi a 2kg ndi 5kg pambali pa a 10kg, chifukwa mtundu watsopano palibe amene amaupatsa munda wonse chaka choyamba. Amayesa mizere ingapo kumapeto kwa munda.

Najere wa Salaula:
Ifenso a salaula, zovala za kaunjika, tili ndi nyengo zathu. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, Januwale makolo amafika pa msika kufuna nsapato zakuda, masokosi ndi zikwama. Meyi akamayamba ndimaoda belo la majuzi ndi majekete, chifukwa temu yachiwiri imakumana ndi chisanu. Belo ndimadula mawaya ake anthu atazungulira. Ndikabwera nalo lomasula kale, ngakhale ndisanachotsemo kanthu, amati zabwino wasankhira abale ake, ndipo mtengo umagwa pomwepo. Mayi amayamba kufunira ana, kenako bambo, yekha pomaliza ngati chenji chatsala. Choncho za ana ndimaika kutsogolo, mabulauzi pafupi ndi pamene ndimaperekera chenji.

aZulu:
Nanga za nkhongole mukuti bwanji? Ena amati ndiyo njira yosungira makasitomala.

Najere wa Salaula:
Ine ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wotenga diresi pa nkhongole akavala kawiri amaiona yakale, kulipira kumamuwawa.

Ambuya Nambewe:
Choopsa pa nkhongole si ndalama yokha. Munthu amene ali ndi nkhongole yako amasintha njira. Akapeza K20 amakagula kwa mnzako wa kuseri kuti usamuone, ndiye wataya ndalama, wataya ndi munthu yemwe. Koma sindinganene kuti musamapereke konse. Pali mayi amene mwana wake wadwala usiku, pali maliro. Ukakana pamenepo komboni siiwala. Ine ndimapereka zakudya zokha, pang'ono, ndipo ndimalemba m'kope iye akuona.

aBanda a Hardware:
Kwanga ndinaitembenuza. Munthu amalipira pang'onopang'ono, katundu amakhala kwa ine mpaka atamaliza, risiti iliyonse ndimamulembera. Alimi amakonda zimenezi chifukwa ndalama ikagona m'nyumba imapeza ntchito zina. Akagulitsa soya amasiya ya malata 10, akagulitsa chimanga amadzamaliza.

Amake Mphatso (Mwami):
Musaiwale kuti wogula wathu wina amachokera kutsidya. Lilongwe ili pafupi ndi ife kuposa Lusaka, imene ili pa mtunda wopitirira makilomita 500. Kuno ku Mwami, kumene maofesi a malire a maiko awiri anawaphatikiza pamodzi mu 2022, wamalonda amadzuka n'kufunsa kaye kuti kwacha ya kuno ikusinthidwa bwanji ndi ya Malawi. Mu Novembala 2023 ndalama ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, amayi a ku Mchinji amene ankatenga katundu wambiri kwa ine anayamba kutenga theka, ena anangosiya. Sanadane nane, katundu wanga sanasinthe, koma ndalama yawo inafooka m'manja. Wogula wa kutsidya amafunanso kuti umuuze mtengo m'ndalama yake mwachangu. Ukayamba kuchedwa ndi foni amaona ngati ukumubera.

Za miyambo nazonso. Nc'wala imachitika ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, nthawi imene anthu a kuno matumba ali mbee. Amene amagula pamenepo ndi alendo a ku Lusaka ndi kwina odzaona Nkhosi Mpezeni, ndiye konzani zakudya, madzi ozizira, zitenje ndi malo ogona. Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika kumabwera kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique atakolola. Kumeneko mlimi weniweni ndiye wogula, ndipo mapoto, nsapato ndi mawailesi zimayenda.

aSakala a Butchala (Magazine):
Ine chimene chinandionetsa kuti wogula amasintha ndi chaka cha 2024. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, madzi anachepa ku Kariba, malaiti n'kumapita maola ambiri pa tsiku. Amayi a malipiro amene ankagula nkhuku zingapo ndi nyama ya mwezi wonse anasiya, chifukwa firiji inangokhala kabati. Anayamba kufuna ya mphika umodzi, enanso anatembenukira ku kapenta, nyemba ndi masoya pisi. Asanafunse mtengo ankayamba kugwira nyama ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati ikuzizira. Ndinayamba kuoda pang'ono tsiku lililonse, kudula timagawo ta K20 ndi K30, ndi kutsegula chitseko cha firiji kuti aone okha madzi oundana. Ena mpaka lero sanabwerere ku kugula kwa mwezi.

aPhiri a Mbewu:
Chaka chomwecho aSakala, pofika Okutobala pafupifupi aliyense wolowa m'shopu ankafunsa mbewu yocha msanga. Mantha a chaka chatha ndiwo amagula mbewu ya chaka chino.

Dalitso wa ku koleji:
Zonsezi n'zamtengo wapatali, koma palibe amene watchula Facebook ndi WhatsApp. Kulengeza kumeneko n'kotchipa ndipo achinyamata onse ali pa foni. Bwanji aPhiri osatsegula tsamba?

aPhiri a Mbewu:
Mwana wanga, wogula wanga ali ku Kagoro ndi ku Vulamkoko ndi kafoni ka mabatani, kamene amakatchajitsa pa sola ya mnzake. Chimene chimamufika ndi wailesi. Breeze FM ndi Radio Maria amamvera madzulo atachoka kumunda, banja lonse lili pa mphasa, ndipo akabwera amanena yekha kuti ndamva pa wailesi. Liwu lolankhula Chinyanja chake amalikhulupirira kuposa chithunzi cha pa foni.

Najere wa Salaula:
Dalitso sakunama konse ayi, zimatengera amene ukumufuna. Manesi ndi atsikana a m'mabanki sangabwere kudzagwada pa mulu wa salaula masana. Ndikatsegula belo ndimasankha madiresi angapo, kuchapa, kusita, n'kuveka mwana wa mng'ono wanga, ndiye kujambula n'kuika pa status ya WhatsApp. Diresi yoyala pansi palibe amene amaifunsa, koma ikakhala pa thupi la munthu mauthenga amabwera. Mtengo ndimalemba pomwepo, chifukwa ambiri amachita manyazi kufunsa kuopa kuti alephera. Amalipira pa foni, wa njinga n'kukawasiyira ku ntchito.

Tisa wa pa booth:
Ndipo muziika pakati pa tsiku la 25 la mwezi ndi la 5 la mwezi wotsatira amayi. Masiku amenewo mzere wa pa booth umafika pa msewu, ndalama yanga yosinthira imatha dzuwa lisanafike pamutu.

aMwale:
Najere wachita bwino kulemba mtengo. Ndikupempha inu nonse a tuntemba ndi a m'misika muchite chimodzimodzi, ndipo a pamela muziuza wogula kuti muli makapu angati. Pa za kudula kwa pamela sindinakhutirebe, tidzakambirananso.

aPhiri a Mbewu:
Tidzakambirana aphunzitsi. Pakali pano ndili ndi pempho kwa amene ogula anu ndi alimi. Kulengeza pa wailesi munthu mmodzi kumalemera, koma tikasonkherana atatu kapena anayi ogulitsa zinthu zosiyana, uthenga umodzi ungatitchule tonse. Ine ndikufuna Okutobala ndi Novembala. Amene ali ndi chidwi andilembere kumbali.

aBanda a Hardware:
Ndilimo aPhiri, koma ine wanga uyambe mu Juni, Okutobala kwa ine n'kuchedwa. Ndipo wowerenga uthengayo asatchule nambala ya plot, palibe mlimi amene amaidziwa. Anene kuti mukatsika basi muyende kulowera ku msika, shopu yopaka utoto wobiriwira yoyang'anana ndi chigayo.